Malovu a Wendell ndi Maphwando Awiri

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo wofuna kutsutsa adikire ndimalize. Ku America kunali mkulu wina wokonza mipopi, dzina lake Wendell. Nyumba anali nayo, galimoto anali nayo, koma mtundu wake sankaudziwa. Azungu a kumeneko makolo awo anachokera ku Ulaya, ndiye wina amati ndine wa ku Ireland, wina wa ku Italy, monga ife timanenera kuti ndine Mbewe, ndine Nkhoma. Wendell akafunsidwa ankangokanda m'mutu, ndipo zinkamuwawa zedi.

"Ndikadzafa adzandilira ndani?" anafunsa mkazi wake Darlene.

"Ineyo, mukadzafa mutakonza mpopi wakukhitchiniwu," anatero mayiyo.

Tsiku lina analavulira m'kabotolo n'kutumiza kwa akatswiri oyeza mtundu wa munthu. Musaseke, amaterodi! Pepala litabwera linati theka ndi wa ku Ireland, theka wa ku Italy. Munthu anavina ngati wapeza mwana.

Tsono mitundu iwiriyo inali ndi maphwando olandira abale atsopano Loweruka limodzi, m'zipinda zapansi pa matchalitchi awo, zokumba ngati mapanga. Pakati pake panali mtsinje ndi mlatho wautali.

"Sankhani kumodzi, bambo," anatero Darlene.

"Ndisiye theka langa lili lokha? Ayi ndithu!"

Anayambira kwa a ku Ireland, pepala lili m'manja. Anamupatsa mpando. "Khalani, mbatata zikupsa. Tikadya tiitana mayina."

Atangokhala, mtima unali kale kutsidya. Bwanji Ataliyana akaitana dzina lake iye kulibe? Ananyamuka mwakachetechete, liwiro pamlatho. Kumeneko mayi wina wachikulire, a Concetta, anamukhazika. "Mwafika bwino, mwana wanga. Tipemphere kaye, kenako tidye."

Anthu atatsinzina, Wendell anakumbuka mbatata. Anatuluka chonyang'ama. Ali pakati pa mlatho, mvula inangoti khuthu! Pofika kwa a ku Ireland anapeza akupinda matebulo, mayina aitana kale. Anabwereranso, nsapato zikulira tchwa tchwa, n'kupeza Ataliyana akutseka chitseko. Pepala lija linali litasanduka phala m'manja mwake.

Bambo wamkulu ndi ndevu zake anakhala pakhonde n'kulira. "Umboni wanga wapita! Ndabwereranso kukhala wopanda mtundu."

A Concetta anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Kodi pepalalo anakufunsa ndani? Ife tinakuikira mbale, iwe n'kuthawa pemphero. Ubwere Loweruka likudzali, mpopi wathu ukudontha. Ukadzamaliza udzadye, koma utakhala pansi."

Anapitadi, ndipo anakhala mpaka kutsuka mbale. Mwezi wotsatira anakachita chimodzimodzi kwa a ku Ireland. Lero mkulu uja ali ndi abale mbali zonse za mtsinje, oti tsiku la maliro ake adzachita kulimbirana bokosi.

Koma za tsiku la mvulalo Darlene sanamulekerere. Atamuona akulowa m'nyumba ali chonyowa, m'mimba mulibe kanthu, anamuponyera thaulo n'kunena mawu amene inu mumawamva mpaka lero:

"Ndinakuuzani, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa."