Sabata Yomana Chotupa Chakudya

Lolemba

Tabwerako ku chipatala chachikulu ku Mzuzu. Amuna anga, bambo a Lusekelo, ali ndi khansa ya kapamba. Zaka zonsezi kapamba ndimangodziwa wa mbuzi.

Dokotala wachichepere uja anajambula papepala: chotupa apa, mitsempha apa. Osati mitsempha ya magazi, koma ija yonyamula uthenga wa ululu. Akuti chotupachi n'chadyera, chimadya shuga ndi zina zomanga thupi, ndipo chimakokera mitsempha kwa icho, n'chifukwa chake msana ukuwawa chonchi. Ananena zina zambiri, koma ine mutu unaima pa mawu amodzi: chimadya.

Chimadya? Basi, tichimane! Ndaphunzitsa zaulimi ku pulayimale mpaka imvi, udzu sitiuthirira feteleza.

Zoletsedwa kuyambira lero:
shuga
mpunga
nyama
nthochi
chambiko

Zololedwa: masamba owiritsa, madzi, mapemphero.

Ndamata pepalali pachitseko cha kukhitchini. Bambo aliwerenga kawiri. Akuti: "Kodi ndinalakwira ndani?"

Lachiwiri

Zodabwitsa! Munthu amene mwezi wathunthu amangonunkhiza chakudya n'kukankha mbale, lero adzuka ndi njala. Akufuna nyama. Akufuna msuzi wa mafuta. Akutchula zakudya mmodzimmodzi ngati akuitana mayina m'kalasi.

Ine sindipusitsika. Si iwo akuitanitsa, ndi chotupa chija.

Ndawapatsa chisoso chowiritsa. Achiyang'ana nthawi yaitali. Akuti: "Mayi a Lusekelo, ngakhale ng'ombe amazinyambititsako mchere."

Mtima ukundipweteka, koma mankhwala sakoma. Ndikufuna munthuyu adzaone mpunga wa chaka chamawa ukupsa, basi.

Lachitatu

Alendo ayamba. Ndinaiwala kuti kuno wodwala sitimuona chimanjamanja.

Alamu anga a ku Kaporo, alongo awo a bambo: nkhuku, ndi mpunga wonunkhira mpaka kumsewu.
Amayi a kutchalitchi: phala la mkaka, nyimbo zitatu.
Abiti Saidi a pagolosale, kwawo ku Mangochi: mandazi otentha m'beseni.

Aliyense akufuna aone wodwala akulawa. Ndanama kuti agona. Iwo kuchipinda akutsokomola mwadala.

Vuto lina. Mbale ya mwini siibwerera ndi chakudya, kumeneko n'kunyoza. Kutaya ndi tchimo. Kupatsa oyandikana nawo, nkhani ifika ku Kaporo dzuwa lisanalowe. Ndadya ndekha kuseri kwa khitchini, choimirira, ngati wakuba.

Mpungawo ndi wokoma, Mulungu andikhululukire.

Lachinayi

Nyerere! Mzere kuchokera pazenera mpaka pansi pa pilo. Pansi pa pilo: mandazi awiri ndi theka. Abiti Saidi anawapatsira pazenera ine ndili ku mjigo. Munthu wopemphera kasanu patsiku!

Ndalanda. Bambo sanakane, sanakalipe. Angotembenukira kukhoma. Bola akanandikalipira.

Ululu wakula. Akukhala chowerama, atakumbatira maondo, ati ndi momwe msana umapumirako. Ndikudziuza kuti ndi chotupa chikulira njala, kuti tikupambana. Sindikudzikhulupirira kwenikweni.

Masana apempha tiyi wa shuga, supuni imodzi yokha. Ndawapatsa madzi ofunda.

Mbale zabwera zinayi. Ndadya zinayi.

Lachisanu

Alamu abweranso, ulendo uno ndi azakhali a ku Wovwe. Ayang'ana bambo, ayang'ana ine. Siketi yanga zipi yakana kukwera, ndafunda chitenje pamwamba, koma masaya sungawafunditse.

Alamu kwa azakhali, m'Chinkhonde, ngati ine sindimva: "Wodwala ndi uyu, koma amene akuchira ndi awa."

Kenako apeza pepala langa pachitseko. Aliwerenga mokweza pakhonde ngati kalata ya ku khoti. Atafika pa "mapemphero", azakhali anena ameni.

Ndayesa kufotokoza za mitsempha, za udzu, za feteleza. Alamu andidula: "Alongo anga si munda wanu, aphunzitsi."

Bambo akumva zonse kuchipinda. Lero sanapemphe kanthu, ndipo ine ndalemba mumtima kuti azolowera.

Ndakalirira kubafa, kumene kulibe alamu.

Loweruka

Anesi oyendera odwala m'makomo abwera ndi botolo la mankhwala oletsa ululu. Ndawaonetsa pepala langa, monyadira pang'ono. Avula magalasi, akhala pansi.

Akuti dokotala sanathere pamene ine ndinasiyira kumva. Ofufuza aona kuti chotupa chamtunduwu chikasowa chakudya sichigona ndi njala ayi. Chimatumiza uthenga, mitsempha n'kumera kulowa m'kati mwake, ndipo mitsemphayo imachidonthezera zomwe chikusowa. Zina chimatenga m'mnofu wa mwini thupi. Mwina tsiku lina kudzapezeka mankhwala odula njira imeneyo, koma si chisoso.

Ndiye kuti nacho chili ndi Abiti Saidi ake, ochipatsira pazenera!

Chotupa chadya sabata yonse. Ine ndadya sabata yonse. Amene sanadye ndi mmodzi, ndipo manja a malaya akungolendewera.

Ndafunsa ngati ndine ndawonjezera ululu. Akuti ayi, matendawa amayenda ulendo wawo. "Koma mayi, njala ikamufikira wodwala chonchi, musamaifunse mafunso. Siikhalitsa."

Ndamatula pepala, ndakolezera moto. Ndili ndi manyazi, ndiponso mantha.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Mbalagha, chakudya chakwawo kwa bambo, ili pamoto kuyambira mamawa: nthochi zosankha ndekha, nyama ya nthiti, msuzi wa mafuta onyezimira. Mpunga wina wochokera kwa alamu. Chambiko. Tiyi, shuga masupuni atatu. Tebulo ladzaza ngati pali chinkhoswe.

Ndawakhazika pampando, pilo kumsana. Anyamula supuni. Imodzi yalowa. Yachiwiri yaima pakati panjira, yabwerera m'mbale.

Akuti: "Ndaga, zikomo, mwaphika bwino."

Ndikuwachonderera. Imodzi yokha. Ya Lusekelo. Ya ine. Ndagwada ndithu, ine amene sindinagwadirepo munthu kuti adye.

Andigwira dzanja, akumwetulira ndi maso achikasu aja. "Musadzivute, mayi a Lusekelo. Njala ija inadikira masiku atatu, yatopa, yapita."

Ndavundikira mbale. Mwina madzulo.