Tsiku Limene Ndinachepetsa Kuwala kwa Boma

Mpaka lero mkazi wanga salola kuti ndigwire chinthu chilichonse chokhala ndi waya, ndipo sindimutsutsa.

Nthawi ya chipani chimodzi ija ndinali kalaliki pa Mwanza, m'nyumba ya boma ya magetsi (kwathu konse ndinali woyamba kugona pansi pa babu, ndiye matama musachite kufunsa). Mlamu wanga woyendetsa thiraki anandibweretsera kaswichi kopotokola kuchokera ku Joni. "Alamu, mukakapotokola aka, getsi limawala kwambiri kapena pang'ono, mmene mukufunira. Za azungu zimenezi."

Mawu oti azunguwo ndi amene anandipweteketsa. Loweruka ndinatenga mpeni wakukhitchini n'kuyamba kumasula swichi yakale ya pabalaza.

"Bambo a Chikondi, magetsi mwathimitsa?" anafunsa mkazi wanga.

"Mayi, izi zisiyireni amuna."

Ndisanatseke pakamwa, anandigwedeza magetsi mpaka ndinakakhala m'dengu la nyemba. Iye anangoti, "Amuna aja ndi amenewa?" Ndinakathimitsa magetsi mwakachetechete, n'kulumikiza mawaya mongolota. Mwamwayi kanagwira ntchito.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ayi, ndinaitana a tcheyamani a chipani a dera lathu, munthu amene mawu ake ankatha kukukweza pantchito kapena kukubweza kumudzi kwa Nthache katundu ali pamutu. Anafika dzuwa litangolowa. Ndinapotokola monyadira, getsi n'kumazilala pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuti aombe m'manja. Iwo anangoti maso tong'o kukhoma.

Abale inu, babu lija linali pamwamba penipeni pa chithunzi cha Mtsogoleri (ndinachikoleka pamenepo ndekha kuti aliyense aone kukhulupirika kwanga). Nkhope yawo pachithunzipo inali itada bii.

"A kalaliki," anatero a tcheyamani, "boma lakubweretserani kuwala, inu mukuchepetsa? Mukuchepetsera pankhope ya yani?"

"Ayi bwana, kamawonjezeranso!"

"Oho! Ndiye kuwala kwa boma n'kosakwanira?"

Ntchito yanga ndinaiona ikupita. Ndinapotokola ndi mphamvu zonse, kogwirira kake n'kutsalira m'manja, babu n'kuti phu! Mdima wa ndiweyani. Ndinachita mantha zedi.

Mkazi wanga anayatsa nyali, n'kukaiika pashelefu pansi pa chithunzi chija. "Bambo tcheyamani, ife tikhoza kukhala mumdima m'nyumba muno, koma iwowa ayi."

"Mayi awa ndi okhwima pa ndale," anatero a tcheyamani. Anadya nkhuku yathu mopapasa, nandilamula kuti ndizule kaswichiko akakafufuze bwino. Ntchito inapulumuka chomwecho.

Patatha mwezi ndinkadutsa pakhomo pawo madzulo. Getsi la pabalaza pawo linkazilala, kuwala, kuzilalanso, alendo akuomba m'manja. Ndinavula chipewa n'kupereka moni mwaulemu.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Mlamu wanga atabweranso ndinamunong'oneza kuti andibweretsere kena. Kali m'sutikesi mpaka lero, ndipo kiyi wake amasunga ndi mkazi wanga.