Ulendo Wanga Wapansi Wopita ku Korinto

Anzanga, musandiweruze msanga, cholinga changa chinali chabwino. Ndinkangofuna kuti mai Nachisale, namwino wamasiye amene ndakhala ndikuwaponyera maso chaka chathunthu, aone kuti sindine wongosambitsa nkhalamba kuntchito basi, m'mutumu mulinso zinthu. Ndiye abusa atandipempha kuti Loweruka masana nditsogolere phunziro la gulu lathu la Amalawi okhala kuno kunja kwa dziko, kunyumba kwa mai Nachisale komweko ku Takoma Park, ndinati basi, phunziro likatha ndikaponya mawu. Mutu wake unali mzinda wa Korinto, uja timaumva m'makalata a mtumwi.

Kukonzekera? Sabata yonse ndinagwira mashifiti awiriawiri, buku osalitsegula. Koma ndinadzilimbitsa mtima kuti malo onse otchulidwa paguwa ali mbali imodzi, azungulira Yerusalemu monga Ndirande ndi Bangwe azungulira Blantyre. Ndani wa ife anakula akuganiza zina?

Ndinafika nditavala suti, kunja kukutentha. Pabalaza panali podzaza, ndipo pakona panakhala mayi wina wachilendo wa magalasi, ndinangomugwedezera mutu. Ndinayamba bwino ndithu, mpaka bambo Phiri, dalaivala wa kwa kazembe wina, munthu amene sakhala osafunsa, anati kodi mzindawu ukadalipo? Ndikanangoti sindikudziwa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mai Nachisale anali akundiyang'ana atanyamula mbale ya mandasi, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ulipo. Ine ndinafikako."

Zoona zake, ndege imene ndinakwera pobwera kuno kuchokera ku Addis Ababa inadutsa mlengalenga cha kumeneko ine ndili mtulo.

Anthu anawongola misana, ndipo bodza likalandiridwa bwino limabereka. Ndinawauza kuti ndi chipululu chokhachokha, mchenga ndi ngamila, madzi osawaona ndi dontho lomwe. Bambo Phiri anafunsa kutalika kwake kuchokera ku Yerusalemu, ine ndinati aa, pafupi, ngati kuchoka pano kupita ku Silver Spring. Ndinanyamuka ku Yerusalemu nditamwa tiyi, wapansi, pomakwana nkhomaliro ndili ku Korinto. Ndinawonjezanso kuti nsapato zake ndikadali nazo. Mai Nachisale anandiikira mandasi ena awiri, ine mtima dyokodyoko.

Potseka, abusa anati mwa mwambo wathu mlendo sachoka osapereka moni. Mai Nachisale anaimirira monyadira nkunena kuti wa magalasi uja ndi mng'ono wawo Tiyamike, akuchita maphunziro apamwamba a mbiri yakale pa yunivesite ya ku College Park, ndipo wangofika kumene kuchokera ku Girisi, komwe wakhala miyezi itatu akukumba mabwinja. Mabwinja a mzinda uti? Mwadziwa kale.

Akuluakulu sananame, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mwana woleredwa bwino uja sakanatsutsa wamkulu pagulu, ndipo bola akanangonditsutsa. Anapinda bondo pang'ono nkunena kuti, "Ankolo afotokoza bwino kwambiri. Mwina Korinto amene ndinapita ine ndi wina."

Kenako anatulutsa foni nkuyamba kutionetsa Korinto wakeyo. Anati ali ku Girisi, pakamtunda kopapatiza pakati pa nyanja ziwiri, ola limodzi ndi kanthu pagalimoto kuchokera ku Atene. Mzindawu unali ndi madoko awiri, ndipo akale ankakoka zombo pamtunda kuchoka nyanja iyi kupita inayo. Aroma anauphwasula, patapita zaka ngati zana anaumanganso, ndipo mizati isanu ndi iwiri ya kachisi ikadali chiimire m'munsi mwa phiri lalikulu la mwala. Foni inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akaona madziwo nkutembenukira kwa ine. Ngamila panalibe ndi imodzi yomwe.

Bambo Phiri, Mulungu awakhululukire chifukwa ine ndikadalimbana nazo, anakulitsa mapu ndi zala nkufunsa mwaulemu kuti chabuluu chachikuluchi pakati pa Yerusalemu ndi Korinto nchiyani. Tiyamike anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana pansi, kuti ndi nyanja. Ine thukuta lili kamukamu, manyazi atandigwira mpaka kumapazi, m'malo mokhala chete ndinati chaka chimene ndinapitacho kunali chilala. Abusa anatsamwa ndi tiyi.

Anthu akutuluka, ndinatsalira dala kuti mwina ndipulumutseko kena kake. Mai Nachisale anandilandira mbale m'manja, nkhope ili phee. "Bambo Gondwe, ife timadziwa mmodzi yekha amene anayenda pamadzi, sitimadziwa kuti wachiwiri timakwera naye sitima ya Red Line. Mawu amene mwatsalira kuti munenewo asungeni. Munthu woyera chonchi ine sindingamukwanitse."

Zinandiwawa, sindinama, ndipo mpaka lero kutchalitchi mvula ikagwa anthu amandipempha kuti ndiwawolotse pamalo oimika magalimoto. Ndinalumbira kuti wina akadzandifunsanso ngati ndinafikako kwinakwake, ngakhale kwathu ku Rumphi, ndiziyamba ndafunsa ngati m'nyumbamo muli mlendo.