Lezala la NyaLongwe

Osoka ena amakumbukika ndi zimene anasoka. NyaLongwe a ku Mpamba timawakumbuka ndi zimene anamasula. Kwa zaka makumi atatu ankaphunzitsa amayi kusoka pamanja pakhonde la tchalitchi Lachiwiri lililonse, ndipo sankatuluka m'nyumba opanda lezala lomangirira pangodya ya chitenje. Baibulo ankanyamulanso, inde, koma lomwe linkatha msanga ndi lezala.

Maso awo sankapatula munthu. Abusa atsopano atafika mu 2009, NyaLongwe anawapatsa moni akuyang'ana batani la jekete, nkunena mwaulemu kuti amene analisokerera akufunika mapemphero apadera. Mayi busa anali ataima pomwepo.

Olive anagwera m'manja amenewa Lachiwiri pa 14 Febuluwale 2017. Anali wa ku Thyolo, mkazi wa Gideon wocheka mitengo ya labala ku esiteti. Pa 7 Meyi ankayembekezeka kuvekedwa yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, ndipo mayi ake anali atalonjeza kukwera basi ulendo wonsewo kudzamuona. Nsalu yoyera anali nayo imodzi yokha. Lamulo la NyaLongwe, lomwe silinalembedwe m'buku lililonse la mpingo, linali lakuti bulauzi yoyamba mayi adzisokere yekha.

Tsiku loyambalo Olive anayala zida zake: singano imodzi yobaya pachitsononkho, ulusi wosolola kuthumba la feteleza ndi mpeni wa kukhitchini. NyaLongwe anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wangu, wabwera kudzasoka bulauzi kapena kudzatumbula mbuzi?"

"Ndi zomwe ndili nazo, Ama."

"Zikuoneka."

Anamuwerengera zofunika ngati malamulo a Mose. Singano zikhale zitatu, chifukwa imodzi imasowa ndipo ina mnansi amabwereka mpaka muyaya. Ulusi woyera ndi wakuda, tepi, mapini m'kabotolo. Choko chikasowa, kachidutswa ka sopo wotha kamalemba bwino pansalu. Chala chivale kachitsulo, ngakhale chitsekerero cha botolo, pakuti magazi pa bulauzi yoyera si umboni wa chikhulupiriro. Sizasi idule nsalu basi, ndipo mwamuna akaifuna yometera ndevu auzidwe kuti inagwera m'chimbudzi.

Olive anazipeza zonsezo, nkuyamba kusoka. NyaLongwe nawo anayamba kumasula. Mkono wakumanja unamasulidwa kasanu ndi kawiri, kolala kanayi. Tsiku lina anauyamikira msoko kuti wawongoka ndithu, Olive mtima nkukhala pansi. Kenako anaumasulabe, ati aone ngati sinali ngozi chabe. Gideon anayesa kunena kuti pamsika pali atelala a makina omwe angamalize tsiku limodzi. Mawuwo atawafika NyaLongwe, anatumiza yankho lakuti bamboyo apitirize kucheka mitengo, popeza mtengo suyankha.

Loweruka pa 6 Meyi bulauzi inatha. Mayi ake a Olive anali atafika kale, miyendo itatupa ndi ulendo. Masana, pakhonde la tchalitchi, NyaLongwe anaitenga bulauziyo kuti aione komaliza, napeza kaulusi kamodzi kotuluka pachifuwa. Anasolola lezala. Lezalalo linaterereka, ndipo nsalu inang'ambika kuchokera pabatani lachiwiri mpaka pamchombo.

NyaLongwe anatsokomola, nati nsalu za masiku ano nzopepuka ngati chikhristu cha masiku ano, nanyamuka. Olive anapita kunyumba osalira, chifukwa sankadziwa poyambira.

Lamulungu m'mawa, belu loyamba lisanalire, NyaLongwe anagogoda atanyamula kamtolo kokulunga m'nyuzipepala. Munali bulauzi yawo yomwe, yosita bwino.

"Vala. Koma usaitembenuze."

Munthu amene wamasuliridwa misoko miyezi itatu sangamvere lamulo lotero. Olive atangotseka chitseko anaitembenuza. Misoko yake inkayenda ngati munthu wochokera kumowa. M'khwapa munali mapini awiri, mpendero nkukhala wosokedwa ndi ulusi wamitundu itatu. Anakhala pabedi nkuseka mpaka misozi, kenako anaivala, ndipo inamukwana.

Anavekedwa pamaso pa mayi ake. Atacheuka anaona NyaLongwe atakhala kubenchi lakumbuyo, m'chitenje wamba, pakati pa amayi oyamwitsa. Chiyambire 1984 palibe amene anawaonapo tsiku la Umanyano opanda yunifolomu.

Pobweza bulauziyo Lachiwiri, Olive anangoti, "Ama, ndinaona."

"Ndinadziwa kuti uona. Wosoka ndi wina, woona zolakwa ndi wina. Mulungu sapatsa munthu zonse."

Olive anaisunga nkhaniyi mpaka NyaLongwe atamwalira pa 23 Ogasiti 2022. Anaiulula pamaliro pomwe, ndipo amayi omwe anakhala zaka akuwaopa pakhonde paja anaseka mpaka abusa anakweza dzanja.

Lero Olive ndiye amasoka bwino kuposa aliyense kuno, ndipo ndiye amaphunzitsa Lachiwiri, koma ndi wofatsa, chilichonse amangoti chili bwino. Ambiri amapereka nsalu kwa atelala, bulauzi nkutuluka tsiku lomwelo. Maphunziro a Lachiwiri amatha dzuwa likadali pamutu. Amayi amalongedza timabotolo tawo, nkuima pabwalo kanthawi osafuna kupita, pakuti palibe amene wawanyoza, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba alibe womudandaula.