Tsiku limene Kamtedza anadya kandulo ya Pasaka

Mwambi mumaponyerana uja, atsikana inu, unayamba motere.

Pa tchalitchi china chaching'ono kumapiri a ku Dedza, akhristu ankadzipangira okha kandulo ya Pasaka. Banja lililonse likafinya uchi linkapereka zisa kwa Mayi Nasibeko, mtsogoleri wa mphakati, kagulu kaja kokumana Lachitatu kupemphera ndi kugawana mawu a Mulungu. Chaka chimenecho njuchi zinathawa m'ming'oma yambiri, moti phula la mudzi wonse linangodzaza mbale imodzi. Nasibeko analisungunula, kulisefa, n'kuliika m'tchalitchi atalivundikira ndi kansalu koyera, kuti Loweruka adzaumbe kandulo.

Pamudzipo panalinso Bambo Kamtedza, munthu wowerenga kwambiri, amene anasiya mphakati kalekale. Ankati Mulungu amamuyankhula payekha, ndiye angaphunzirenji kwa amayi osatha kulemba ngakhale dzina lawo? Mawuwa ankamudya mumtima Nasibeko, pakuti mkazi wa Kamtedza atadwala miyezi itatu, amayi omwewo ndiwo ankatunga madzi pakhomo pake.

M'sabata ya Pasakayo Kamtedza anakwera phiri kukasala kudya yekhayekha. Anatsika Lachisanu masana ali ndi njala yoopsa. Amayi anali kusesa pabwalo la tchalitchi, ndipo Nasibeko anamupatsa moni. Iye anangokweza dzanja ngati bishopu, n'kulowa.

Zam'katimo anadzasimba yekha pambuyo pake. Atagwada anamva fungo la uchi. Anavundukula kansalu kaja n'kupeza chinthu chozungulira, chachikasu, chosalala, chimene anali asanachionepo, popeza pa ntchito ya kandulo sankabwera. Amayi khumi anali panja, khomo lili pululu, ndipo aliyense akanamuuza. Koma Kamtedza anaganiza kuti Mulungu waona kusala kwake ndipo wamugwetsera mana, monga anachitira kalelo m'chipululu. Analuma. Chinali cholimba ndi chosakoma, koma anadziuza kuti zakumwamba sizikomera lilime la munthu wamba. Anatafuna, nameza, nalumanso, mpaka theka linatha.

Kenaka anatuluka ndi mbaleyo m'manja kuti alengeze chozizwitsa, koma mano anali atamatana. Chinamveka ndi kung'ung'udza kokha.

Nasibeko ataona mbaleyo, tsache linagwa m'manja mwake. Anakumbukira Nachisale, mayi wamasiye amene njuchi zinamutupitsa nkhope pofula zisa zimenezo, ndi ana amene anayenda mtunda wautali ndi kaphula kokwana m'chikhatho.

"Bambo Kamtedza," anatero motsitsa mawu, "mwatidutsa pano anthu khumi, aliyense ndi pakamwa pake. Funso limodzi likanakuthyolani msana? Mawa tiyatsa chiyani, mimba yanuyo?"

Amayi ena anati amumezetse chingwe cha kandulo n'kumuimika paguwa. Ena anamufunsa ngati Mulungu wake wapaphiri uja sanamunong'oneze kuti limeneli ndi phula. Kamtedza anayesa kuyankha, koma nsagwada zinakana, ndipo aka kanali koyamba m'zaka zisanu kumva mawu a anzake mpaka kumapeto.

Nachisale anaika tsache lake pansi. Anapita kwake n'kubwera ndi madzi ofunda m'chikho ndi kamtengo kotokosera m'mano. Anamupatsa atayang'ana kumbali, kuti munthu wamkulu alavule popanda womuona.

Loweruka m'mawa amayi anasonkhana kwa Nasibeko ndi phula lotsalalo. Nsungwi youmbiramo kandulo anaidula pakati, poti kandulo ya chaka chimenecho ikanangofanana ndi chitsononkho. Ali mkati mosungunula anaona Kamtedza ataima pampanda, chipewa chili m'manja. Nasibeko anafuna kumubweza, koma Nachisale anali atasendera kale pamphasa.

"Khalani apa, achimwene. Mugwire chingwe, ife tithire."

Kamtedza anakhala. Anayang'ana chingwe, nayang'ana nsungwi, nakanda m'mutu.

"Kodi chingwechi chimagwiridwa bwanji?"

Amayi anayang'anana. Nachisale, yemwe uja wosatha kulemba dzina lake, anamugwira zala n'kumuonetsa pakati penipeni, namuuza kuti chikapendekera kandulo imapsa mbali imodzi. Kamtedza anafunsanso kachiwiri, ndi kachitatu.

Nasibeko mkwiyo unali usanamuthere, pakuti kandulo inali yaifupi ndithu. Anathira phula pang'onopang'ono, n'kunena mokweza kuti ndi odutsa m'njira omwe amve:

"Funsani, bambo, funsani. Safunsa anadya phula."