Ng'oma Yachimfine ya ku Siberia

Usiku wathawu ndinalota zoti mukamva museka, anzanga. Mukudziwa kuti chibwerere kiyibodi kutchalitchi kwathu, ine woimba ng'oma ndimangowomba m'manja ngati mlendo, ndipo zimandiwawa. Ndiye ndinalota ndakwera kabaza kupita kumsika wa Lunzu, mwadzidzidzi wakabaza akuti, "Tsikani bwana, Siberia ndi pano."

Ponseponse mbee, chipale chofewa, ine ndili ndi patapata. Ndiye ndinathawira m'chitenti china, n'kupezamo oimba: anyamata a magitala amagetsi ndi mayi wina dzina lake Sayana. Mayiyu ankatulutsa mawu awiri pakhosi limodzi, ena okhuthala ngati chigayo, ena amluzu, uku akuliza kachitsulo kapakamwa komveka ngati mkangala. Miyendo yanga inayamba yokha kuvina.

Pakona panali ching'oma cha chikopa cha mphalapala, chikutsokomola.

"Achimwene, chimfine," chinandinong'oneza. "Ndikapanda kulira lero, akuti andichotsa, aikepo makina."

Magazi anga anawira. Ndiye kunalowa mkulu wa chikondwerero chawo cha nyimbo atavala tayi, chidindo chili m'manja. Akuti atsegule pakamwa, mwadzidzidzi ubweya thupi lonse, wasanduka chimbalangondo, koma tayi ili pompo.

"Mphindi zisanu," chinatero chimbalangondocho, chikuloza ng'oma ija. "Ikakhalabe chete, muiponye kunja."

"Kodi kuno simudziwa kuti ng'oma imawambidwa?" ndinafunsa.

Ndinasonkha moto pasiteji pomwepo, ndiye kuiwamba, kuigogoda, kuitembenuza, mpaka inati, "Eyaa, pamenepo, chakumsanako!" Mwadzidzidzi gitala wofiira anakwiya: "Tsankho bwanji? Ifenso tikuzizidwa!" Chifundo chidapha nkhwali, anzanga. Ndinamuwambanso, ndipo anasungunuka yense n'kutsala phula lokhalokha.

"Watiphera nyimbo, mlendo iwe!" anakuwa Sayana ndi mawu ake awiri onse.

Ndinatapa phula lija n'kulimata pakati pa ng'oma monga timachitira kwathu. Kungomenya kamodzi, inalira yokha pamodzi ndi gitala ali m'mimba mwake, gu! kenako nyweee! Sayana anaponyamo nyimbo ya makolo ake, anyamata aja n'kuilandira mwamakono, chitenti chonse n'kunyamuka kuyamba kuuluka. Chimbalangondo chinataya chidindo, chikutyola beni.

"Makina abwerere kwawo!" chinalengeza. "Ng'oma ikhale, woimba wake akhalenso!"

Ndinalira ndi chimwemwe, misozi ikuumira pamasaya. Ndiye ndinamenya ndi mphamvu zonse, gu! gu! gu! Koma kulirako kunayamba kupepuka, kumveka ngati pulasitiki.

Kutsegula maso, anali mayi a kunyumba, akugogoda chigubu chopanda kanthu pafupi ndi khutu langa.

"Bambo a Tiyamike, mpopi wauma. Dzukani mukatunge."

Ndinanyamula chigubucho, n'kuchiimba njira yonse ya kumjigo. Amayi a pamzere anatula ndowa zawo n'kuyamba kuvina, ndipo palibe anafunsa za kiyibodi.