Ulendo wa Kumapiri Wodzera ku Bolton

Lolemba

Tchuthi chayamba. A Malume Dalitso agula galimoto ya matayala akuluakulu, yakale kuposa ine. Akuti Lachisanu tinyamuka awiriwiri kupita kumapiri, msewu wamiyala, kugona m'tenti mpaka Lamlungu. Chipululu chenicheni ngati cha m'mavidiyo kuno kulibe, ndafufuza. Koma kuseri kwa Sheffield kuli zitunda zopanda nyumba, nkhosa zokhazokha. Masiku awiri opanda wondituma kusitolo, opanda wondifunsa za mayeso. Ndicho chokha ndikufuna.

Zofunika: tenti, tochi, mapu, nyemba zam'chitini zinayi.

Amayi angoti, "Mukayende bwino." Basi? Amayi omwe amafunsa mafunso khumi ndikamapita kokataya zinyalala? Pali chinachake.

Lachiwiri

A Malume aika chithunzi cha galimoto pa gulu la pafoni la Amalawi, alembanso tsiku la ulendo. Aononga! Ndikuwerenga pa foni ya amayi iwo ali kubafa. Ambiri akulemba kuti Mulungu ngwabwino. Koma Anti Mesi a ku Wakefield, mnzawo wa amayi, alemba kuti, "Kumbuyoko kukula bwanji!"

Uku si kuyamikira. Akuyeza.

Lachitatu

Pakhonde pafika matiresi. Abwera nawo abambo awiri amene sindikuwadziwa, koma iwo akundidziwa, dzina ndi kalasi yomwe. Akuti matiresiwa akupita ku Bolton. "Si mukudutsa komweko?"

Sitikudutsa komweko. Ndawaonetsa a Malume mapu, chala changa pamapiri, china pa Bolton.

"Mphwanga, galimoto siyenda yopanda kanthu anzako ali ndi katundu. Akatinena. Tingoponya, tipitirire."

Polankhula sakundiyang'ana. Akuyang'ana amayi. Amayi akuyang'ana kudenga.

Lachinayi

Zafika lero:
mipando yapulasitiki khumi ndi iwiri,
mapoto awiri oti mwana n'kusambiramo,
sipika,
makala.

Munthu wosamuka satenga sipika ndi makala. Ku Bolton kuli zochitika, ndipo aliyense akudziwa kupatula ine.

Masana ndikusaka masokosi okhuthala m'kabati ya amayi, ndapeza umboni: zovala zitatu za chitenje chimodzi, chobiriwira cha mbalame zachikasu. Diresi ya amayi, shati ya a Malume, ndi shati ina yaing'ono. Ndayesa. Ikundikwana ndendende!

Telala wathu amatenga mwezi kusoka shati imodzi. Ndiye kuti chiwembuchi chinayamba galimoto isanagulidwe.

Ndafunsa. Amayi akuti, "Iwe, m'kabati mwanga umafunamo chiyani?" Funso langa lafera pomwepo.

Lachisanu

Tanyamuka awiriwiri: ine, a Malume, amayi, abambo ena, eni sipika ija, ndipo ku Wakefield takwezanso Anti Mesi ndi ndowa ya mandasi. Ndakhala kumbuyo, poto pamiyendo, matiresi pakhosi.

Aulula tili kale pamsewu waukulu, poti sindingatsike: mawa kuli chinkhoswe cha mwana wa msuweni wa Anti Mesi. "Tikanakuuza ukanabisala kuchipinda," akutero amayi. Zoona, koma si nkhani yake.

Mapiri ndawaona pawindo, kuseri kwa malole. Udzu wofiirira, mitambo, nkhosa imodzi itaima payokha, palibe woiyankhulitsa. A Malume akuloza ndi chibwano: "Waonatu? Tadutsamo."

Loweruka

Tenti yanga yamangidwa. Kuseri kwa holo, pafupi ndi mabini, chifukwa mvula ikugwa ndipo makala asanyowe. Muli abambo anayi akukangana za mpira, nsapato zili m'kati.

Galimoto nayo yachoka pa tala! Yakwera pa kapinga kuti titsitse mipando, n'kutitimira pomwepo. Tikukankha anthu asanu ndi atatu, tonse a mbalame zachikasu. A Malume nkhope yawala: "Mwaona mphamvu zake?"

Anditumapo kakhumi ndi kasanu ndi kanayi. Andifunsa za mayeso kasanu ndi kawiri. Mayi wina akuti anandisinthapo thewera ndipo akufuna ndimukumbukire.

Nyemba zanga ndaziona mu saladi.

Lamlungu

Tikubwerera. Tenti ikununkha utsi ndi nkhuku. Matiresi tabwera nawonso, eni ake akuti ndi aakulu, apite ku Rotherham.

A Malume akuoneka kuti chikumbumtima chikuwaluma. Atembenuka pa malo omwetsera mafuta, akunong'ona: "Tchuthi chinacho, Scotland. Iwe ndi ine basi. Kulibe munthu kumeneko." Anti Mesi, amene ndimayesa agona, atsegula diso limodzi: "Glasgow? Kuli firiji yanga kumeneko."

Mawa sukulu. Mu laibulale, kuseri kwa mashelefu a mabuku a zamiyala, muli mpando umodzi woyang'ana khoma, ndipo chiyambire Seputembala sindinaonepo munthu. Ndikafikako nthawi ya nkhomaliro, wapansi. Sindiuza aliyense.